Fayilo ya mawerengedwe a uinjiniya ikavuta kutseguka pa pulogalamu yakale

Vuto limeneli limabwera mobwerezabwereza kulikonse kumene mainjiniya awiri, kapena maofesi awiri, akugwira ntchito imodzi koma mapulogalamu awo ndi a zaka zosiyana. Wina amamaliza mawerengedwe a mlatho, a denga kapena a mapaipi a madzi pa vesheni yatsopano, n'kutumiza fayilo kwa mnzake woti aiunike, ndipo mnzakeyo akaidina pulogalamu yake imanena kuti fayiloyo inasungidwa ndi vesheni yatsopano, kapena imanena kuti yawonongeka, kapenanso imangodzitseka osanena kanthu. Njira zothetsera zimenezi zilipo, koma ndi bwino kunena pachiyambi pomwe kuti fayilo imene yakaniratu kutseguka si yoopsa kwenikweni, popeza palibe amene angamange chinthu potengera manambala amene sanawaone. Yoopsa ndi fayilo imene yatseguka bwinobwino pamene nambala imodzi kapena ziwiri zasintha mwakachetechete m'kati mwake, ndipo n'chifukwa chake ntchito siithera pa kuona kuti tsamba laoneka pa kompyuta.

Gwero la vutoli n'losavuta kulimvetsa. Opanga mapulogalamu amayesetsa kuti vesheni yatsopano izitha kuwerenga mafayilo akale, chifukwa makasitomala awo sangalole kutaya ntchito ya zaka zambiri, koma vesheni yakale inalembedwa zinthu zatsopanozo zisanaganiziridwe, choncho ilibe njira yozizindikirira. Ikakumana ndi chinthu chachilendo imachita chimodzi mwa ziwiri: imakana fayilo yonse, kapena imadumpha chimene sikuchidziwacho n'kupitiriza. Apa mpamene pachokera mfundo imene ambiri amaizindikira mochedwa, yakuti mankhwala a vutoli nthawi zambiri ali m'manja mwa wotumiza, amene ali ndi vesheni yatsopano, osati mwa wolandira.

Tsimikizani kaye kuti vuto ndi vesheni

Musanasinthe chilichonse, koperani fayiloyo ndipo muzigwira ntchito pa kope, yoyambayo muisiye momwe inabwerera. Kenako onani kukula kwake ndi kufunsa wotumiza ngati kukufanana ndi kwa imene ali nayo, chifukwa fayilo imene inadukira panjira pamene intaneti inavuta imapereka uthenga wofanana kwambiri ndi wa vesheni yolakwika. Onaninso ngati fayiloyo imadalira mafayilo ena, monga tsamba la Excel limene imatengako manambala kapena tsamba lina la Mathcad (pulogalamu yolembera ndi kuwerengera masamu a uinjiniya) limene muli miyeso ya zipangizo, chifukwa otumiza ambiri amaiwala kuphatikiza zimenezi.

Zikatero, fufuzani vesheni imene inasunga fayiloyo, ndipo nthawi zina fayiloyo imadziulula yokha. Mukatsegula kope la fayilo ya DWG (ya zojambula za AutoCAD) mu Notepad mudzaona zilembo zosamveka zambirimbiri, koma zisanu ndi chimodzi zoyambirira zimanena kalembedwe kake: AC1015 ndi ka 2000, AC1018 ndi ka 2004, AC1021 ndi ka 2007, AC1024 ndi ka 2010, AC1027 ndi ka 2013, ndipo AC1032 ndi ka 2018. Fayilo ya MAT ya MATLAB, pulogalamu yowerengera masamu polemba malamulo, nayo imayamba ndi mawu owerengeka onena ngati ili ya 5.0 kapena ya 7.3 komanso tsiku limene inapangidwa. Mafayilo othera ndi xlsx, mcdx kapena slx ndi mitolo ya ZIP imene m'kati mwake muli mafayilo a XML, ndipo mutha kusuzumiramo mutasintha dzina la kope kuti lithere ndi zip. Kusuzumira n'kololeka, koma mukatseka musasunge kanthu.

Mathcad: njira imapita mbali imodzi

Mathcad ndiyo imavutitsa anthu kwambiri pa nkhaniyi, ndipo mbiri yake ikufotokoza chifukwa chake. Pulogalamuyi inayamba mu 1986 ndi kampani ya Mathsoft, imene PTC inagula mu 2006. Mathcad 15 inatuluka mu 2010, ndipo mu 2011 kunabwera Mathcad Prime, imene ngakhale ili ndi dzina lofanana inalembedwa mwatsopano ndipo imasunga mafayilo othera ndi mcdx m'malo mwa xmcd kapena mcd. PTC inapereka chida chosinthira mafayilo akale kuti atseguke mu Prime, koma chida chobwezera mafayilo a Prime ku Mathcad 15 kulibe, ndipo kusintha dzina la fayilo kuti lithere ndi xmcd sikusintha kanthu pa zimene zili m'kati. Pakati pa mavesheni a Prime okhaokha nkhani ndi yomweyo: tsamba likangosungidwa mu vesheni yatsopano, yakale siilitsegulanso, ndipo pa Save As palibe malo osankhira vesheni ya m'mbuyo. Apa ndi pamene maofesi amataya ntchito mosayembekezera, chifukwa munthu mmodzi akatsegula tsamba la onse pa kompyuta yokhala ndi Prime yatsopano n'kulisunga, anzake onse otsala amatsekeredwa kunja.

Amene akadali pa mavesheni akale aja ali ndi mwayi pang'ono, popeza Mathcad 14 ndi 15 zimagwiritsa ntchito kalembedwe kamodzi, ndipo Mathcad 15 imalola kusunga tsamba m'kalembedwe ka mavesheni ena a m'mbuyo mwake. Koma ngakhale pamenepo pali msampha, chifukwa injini yochita masamu a zilembo inasintha kangapo: mpaka vesheni 13 inali ya Maple, pa 14 ndi 15 inali ya MuPAD, ndipo Prime ya zaka zaposachedwa ili ndi ina. Funso limodzi la masamu likhoza kuyankhidwa m'maonekedwe osiyana, kapena mayankho awiri a ikwezheni imodzi akhoza kubwera mosinthana malo, ndipo ngati mzere wotsatira umatenga yankho loyamba, zotsatira zonse za pansi pake zimasintha popanda chenjezo.

Mukalandira tsamba la Prime pamene inu muli ndi yakale, njira zenizeni ndi ziwiri. Yoyamba ndiyo kuika Prime ya vesheni yofanana kapena yoposa pa kompyuta yanu, poti mavesheni osiyana amatha kukhala pa kompyuta imodzi, ndipo mtundu waulere wotchedwa Express umakwanira kuti muone tsambalo ngakhale sukulolani kugwiritsa ntchito zida zonse. Yachiwiri ndiyo kupempha wotumiza kuti asindikize tsamba lonse kukhala PDF, atafutukula magawo onse opindidwa, kenako inu mulilembenso pamanja. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, koma ndi yodalirika kuposa njira zachidule, bola musamale zinthu zimene pa pepala sizioneka. Funsani ngati ORIGIN, nambala imene kuwerenga malo mu matrix kumayambira, inasiyidwa pa 0 kapena inasinthidwa kukhala 1, chifukwa zimenezi zimasuntha nambala iliyonse yotengedwa mu matrix, ndipo funsaninso za TOL ndi CTOL, zimene zimalamula pamene pulogalamu imasiyira kufunafuna yankho. Dziwaninso kuti Prime imalola miyeso yosiyana, monga mamita ndi makilonyutoni (kN, muyeso wa mphamvu), kukhala mu matrix imodzi, pamene Mathcad 15 imakana, choncho malo otere muyenera kuwagawa pawiri m'malo mochotsa miyesoyo kuti cholakwacho chizimiririke.

Excel: imatseguka, ndipo vuto lagona pomwepo

Anthu ambiri saiwerengera Excel pakati pa mapulogalamu a uinjiniya, komabe mawerengedwe ochuluka zedi a tsiku ndi tsiku amachitikira mmenemo. Kusintha kwakukulu kwa kalembedwe kunachitika mu 2007, pamene xls inalowedwa m'malo ndi xlsx ndipo malire a tsamba anachoka pa mizere 65,536 ndi makolamu 256 kufika pa mizere 1,048,576 ndi makolamu 16,384. Mukasunga tsamba lalikulu m'kalembedwe ka xls, zonse zopitirira malire akalewo zimadulidwa. Koma kuyambira chaka chimenecho dzina la xlsx silinasinthe, choncho Excel 2013 kapena 2016 imatsegula fayilo ya Microsoft 365 osadandaula, ngakhale kuti m'kati mwake muli mafomula amene siiwadziwa. IFS, TEXTJOIN ndi MAXIFS zimapezeka kuyambira pa Excel 2019, pamene XLOOKUP, LET, FILTER ndi mafomula ena odzifalitsa okha m'maselo oyandikana amafuna Excel 2021, yoposa pamenepo, kapena 365.

Zimene zimachitika apa n'zofunika kuzimvetsa bwino. Fayilo ya Excel imasunga fomula pamodzi ndi yankho lake lomaliza, ndiye ikatsegulidwa pa vesheni yakale manambala onse amaoneka abwino, chifukwa mukuona mayankho amene kompyuta ya wotumiza inapeza. Mukadina selo lokhala ndi fomula yachilendo mudzaona kuti kutsogolo kwa dzina lake kwawonjezeka zilembo za _xlfn, ndipo selolo likawerengedwanso limasanduka #NAME?. Zikanathera pamenepo sizikanadetsa nkhawa, popeza cholakwa choonekera chimakonzedwa. Tsoka limabwera pamene wolemba tsamba anakuta fomula yake ndi IFERROR n'kulamula kuti pakakhala cholakwa selo lionetse 0. Tiyerekeze kuti XLOOKUP ikutenga kulemera kwa khoma pa tebulo n'kukuika pa bimu, mtanda wonyamula khomalo: pa Excel yakale XLOOKUP imalephera, IFERROR imameza kulepherako n'kulemba 0, bimu imaoneka ngati siikunyamula khoma lililonse, ndipo selo la pansi limalemba kuti zitsulo zakwanira. Palibe uthenga uliwonse umene umatuluka. Maganizo anga ndi akuti IFERROR yobweza 0 siiyenera kupezeka pa tsamba lililonse lowerengera kulemera kapena mphamvu, kaya vesheni ndi iti, chifukwa imasandutsa kusadziwa kukhala nambala yooneka ngati yeniyeni.

Mukalandira tsamba lotere, sakani mawu akuti _xlfn m'buku lonse, mutasankha kuti kusakako kuyang'ane m'mafomula, ndipo lembani papepala mayankho ofunika musanakhudze selo lililonse. Kenako dinani Ctrl, Alt ndi F9 pamodzi kuti zonse ziwerengedwenso, n'kuyerekezera zatsopanozo ndi zimene munalemba. Kukonza kwake n'kosavuta kwa wotumiza: XLOOKUP ilowedwe m'malo ndi INDEX pamodzi ndi MATCH, IFS ilembedwe ngati ma IF otsatizana, ndipo asanatumize ayendetse Compatibility Checker, imene imapezeka pa File, Info, Check for Issues, atasankha vesheni imene wolandira ali nayo.

MATLAB ndi Simulink

Kuno zinthu zimayendako bwino chifukwa MathWorks, kampani yopanga mapulogalamu awiriwa, inaikamo njira zobwerera m'mbuyo. Fayilo ya MAT ya 7.3, imene inayamba ndi R2006b ndipo inamangidwa pa HDF5 kuti izinyamula zinthu zoposa 2 GB, ikakana kuwerengedwa, wotumiza angoisunganso ndi lamulo la save atawonjezera -v7 kapena -v6. Zimenezi zimathandizanso amene amawerenga mafayilowa ndi Python, popeza loadmat ya SciPy, chida cha Python chowerengera mafayilo a MAT, siiwerenga 7.3. Mafayilo othera ndi m ndi mawu wamba amene amatseguka paliponse, koma kutseguka si kuyenda. Kuphatikiza mzere wa manambala ndi kolamu ya manambala mwachindunji kunayamba kuloledwa mu R2016b, ndipo vesheni yakale imakana, choncho pamafunika lamulo la bsxfun. Mawu otsekeredwa m'zizindikiro zogwira mawu za timizere tiwiri (" ") anayamba mu R2017a. Ndipo mafayilo a mlx, amene anabwera mu R2016a, ayenera kusungidwa kaye ngati m asanapite kwa munthu wa vesheni yakale. Zolakwa zimenezi zimaonekera poyera, ndipo zimakonzeka mzere ndi mzere.

Simulink, imene imamanga modelo polumikiza mabokosi, ili ndi chida chotumizira modelo ku vesheni ya m'mbuyo, koma pamene bokosi lina kulibe m'vesheni yakaleyo, chidacho chimaikapo bokosi lachikasu lopanda kanthu m'kati. Wotumiza awerenge uthenga wonse umene umatuluka pomaliza, ndipo wolandira ayendere modelo yonse kufunafuna mabokosi otere asanaiyendetse.

Mamodelo a nyumba ndi zojambula

Pa zojambula za DWG vutoli ndi laling'ono, chifukwa AutoCAD imalola kusankha kalembedwe kakale posunga, ndipo DWG TrueView, imene Autodesk imapereka mwaulere, imatha kutsitsa fayilo ngakhale wotumiza atasowa. Revit, pulogalamu yomangira mamodelo a nyumba, ndi nkhani ina: modelo ikangokwezedwa siibwereranso, ndipo chimene chimatsala ndi kuitumiza ngati IFC, fayilo yowerengeka ndi mapulogalamu osiyanasiyana, imene imanyamula maonekedwe ndi zambiri za ziwalo za nyumba koma siibweretsa modelo yosinthika ngati yoyamba ija. Chimodzimodzinso STEP pa ziwiya za makina, imene imapereka thupi la chinthu popanda mbiri ya mmene chinapangidwira.

Mapulogalamu owerengera mphamvu za nyumba nthawi zambiri amakhala ndi khomo lachiwiri, limene ndi fayilo ya mawu wamba. ETABS imatulutsa e2k, SAP2000 imatulutsa s2k, Abaqus imawerenga inp monga imachitiranso EPANET ya mapaipi a madzi, ndipo fayilo ya std ya STAAD.Pro ndi mawu wamba kale. Wotumiza akatulutsa modelo m'njira imeneyi, vesheni yakale nthawi zambiri imatha kuilowetsa. Ena amasintha pamanja nambala ya vesheni yolembedwa kumayambiriro kwa fayilo kuti pulogalamu isakane, ndipo nthawi zina zimathekadi, koma kumeneko n'kungoletsa pulogalamu kudandaula, osati kuiphunzitsa zimene siikuzidziwa. Mukatero muwerenge lipoti lonse limene limatuluka pambuyo polowetsa modelo, mzere uliwonse wonena kuti tebulo lina kapena lamulo lina ladumphidwa, chifukwa chodumphidwacho chikhoza kukhala kuphatikiza kwa zolemera, kumasulidwa kwa mapeto a bimu kapena kuchepetsedwa kwa kulimba kwa konkire wong'aluka.

Pali chinthu china chimene fayilo ya mawu siingathetse, ndicho malamulo a kamangidwe amene pulogalamu inamangidwa nawo. Vesheni imene inatuluka chaka cha 2019 chisanafike siingadziwe ACI 318-19, buku la ku America la malamulo omangira ndi konkire, ndipo buku limeneli linasintha kawerengedwe ka shear (mphamvu yodula chiwalo mopingasa) m'ziwalo za konkire poyerekeza ndi ACI 318-14, makamaka pa ziwalo zokhuthala zopanda zitsulo zokwanira za shear. Modelo ikalowa m'vesheni yakale n'kuunikidwa ndi buku lakalelo, chiwalo chimene chinalephera kwa wotumiza chikhoza kukhoza kwa inu, ndipo kusiyanako si cholakwa cha kompyuta koma ndi mabuku awiri osiyana. Ngati ntchitoyo ikuyenera kutsatira buku latsopano, vesheni yakale mungaigwiritse ntchito poona mphamvu za m'ziwalo basi, koma kuunika zitsulo kuchitike pa vesheni yoyenera kapena pamanja.

Samalaninso ndi zizindikiro za manambala pamene mukudutsira m'mafayilo a mawu kapena a CSV. Kompyuta ina imalemba 2.5 pamene ina, malinga ndi dziko limene inakonzedwera, imalemba 2,5, ndipo nambala yotere ikhoza kuwerengedwa ngati mawu, ngati manambala awiri, kapena ngati 25.

Kuunika ngati zotsatira zili zomwezo

Njira iliyonse imene mwadutsa, pemphani wotumiza PDF ya zotsatira zochokera pa kompyuta yake, yokhala ndi dzina la pulogalamu, vesheni yake ndi tsiku, chifukwa popanda imeneyo mulibe choyerekezera nacho. Musayambe ndi yankho lomaliza, popeza zolakwa ziwiri zimatha kuphimbana. Yambani ndi zolowetsa, monga miyeso, mphamvu za zipangizo ndi zolemera, kenako mutsike pang'onopang'ono mpaka mutapeza mzere woyamba umene manambala asiyana, chifukwa gwero limakhala pamenepo kapena pamwamba pake pang'ono. Pa modelo ya nyumba, yerekezerani chiwerengero cha mfundo ndi cha ziwalo, kulemera konse kwa nyumbayo, mphamvu zonse za pa maziko pa mtundu uliwonse wa zolemera, ndiponso nthawi ya kugwedezeka koyamba, imene imasintha msanga ngati kulimba kapena kulemera kwatayika penapake.

Onjezerani kuwerengera kumodzi kwa pamanja kumene sikudalira kompyuta iliyonse mwa ziwirizo. Bimu yotalika mamita 6 yokhala pa zochirikiza ziwiri za kumapeto, yonyamula 12 kN pa mita iliyonse, iyenera kupereka 36 kN pa chochirikiza chilichonse ndi moment (mphamvu yopinda bimu) ya 54 kNm pakati pake, ndipo ngati fayilo yanu ikunena zotalikirana ndi zimenezi pa bimu yotere, musapitirire. Kusiyana kwa pa dijiti yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi kumachokera ku njira zimene mavesheni amafikira yankho ndipo kulibe vuto, koma kusiyana kwa pa dijiti yachiwiri kuli ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho chiyenera kupezeka ndi kulembedwa munthu asanasaine.

Wotumiza akapanda kupezeka, mwina chifukwa anachoka pa ntchito kapena fayiloyo ndi ya polojekiti yakale, njira yolongosoka ndiyo kupeza vesheni yatsopano kwa kanthawi, kudzera pa laisensi yoyeserera kapena kwa ofesi ina yokhala ndi laisensi yovomerezeka, n'kutulutsa PDF ndi fayilo ya mawu wamba musanachite china chilichonse. Masamba a pa intaneti olonjeza kusintha mafayilo mwaulere ndi oyenera kuwapewa pa ntchito yotere, choyamba chifukwa mukupereka zinsinsi za kasitomala kwa anthu osawadziwa, ndipo chachiwiri chifukwa simungadziwe zimene atayapo. Mapulogalamu obedwa nawonso samathetsa kanthu, popeza palibe amene angakutsimikizireni kuti injini yake yowerengera sinakhudzidwe.

Kuti vutoli lisamabwerere mwezi ndi mwezi, vesheni ya pulogalamu iliyonse igwirizanidwe ntchito isanayambe ndipo ilembedwe m'chikalata cha polojekiti, mofanana ndi mmene mumagwirizanirana za buku la malamulo a kamangidwe. Pa Revit ndi Mathcad Prime, kumene kubwerera kulibe, onse agwiritse ntchito vesheni ya amene ali m'mbuyo kwambiri mpaka tsiku limene onse adzakwere pamodzi, ndipo tsiku limenelo lisanafike mafayilo onse akoperedwe n'kusungidwa padera m'vesheni yakale. Nambala ya vesheni ilembedwe m'dzina la fayilo komanso pamutu pa tsamba loyamba la mawerengedwe. Polojekiti ikatha, mufoda yake musungidwe fayilo ya pulogalamuyo, PDF yosindikizidwa magawo onse atafutukulidwa, ndi fayilo ya mawu wamba ngati pulogalamuyo imaitulutsa, chifukwa PTC inasiya kugulitsa Mathcad 15 kumapeto kwa 2021, ndipo amene adzafune kuunika mlatho kapena nyumbayo zaka 20 zikubwerazi sadzakhala ndi vesheni imene inu muli nayo lero.